Za Intaneti Yodukaduka M'nyumba Mwathu

Mwezi uno tati tikambe nanu za kanthu kamene kanatisautsa m'nyumba mwathu miyezi itatu yathunthu, kanatayitsa mwana wathu wamkazi malikisi ace, ndipo kakadatidanitsa ndi mwana wa mlongo wathu. Tidziwa kuti ambiri a inu, okhala m'midzi ya kuno ku Kasungu ndi kwina konse, muli nako kanthu komweko m'nyumba zanu kapena m'thumba la malaya. Cifukwa cace tayesa kuti nkwabwino tikuuzeni umo tinasokerera, ndi umo tinapezera njira.

Cinthu cikafa ndithu, sicibvuta mtima kwambiri. Njinga ikathyoka foloko, mwini wace aona ndi maso pamene pathyoka, naikankha kunka nayo kwa wokonza. Nyali ikazima, tiigwedeza, timva kuti mafuta atha, ndipo nkhani yathera pomwepo. Koma ciripo cina coipa koposa, ndico cija cidza nicicokanso, cicira nicidwalanso, monga malungo aja amene agwetsa mwana usiku wonse, koma pofika naye ku cipatala m'mawa, mwanayo aseka nasewera, ndipo amace acita manyazi ngati ananama. Yotere ndiyo inali nthenda ya intaneti yathu.

Nyumba yathu iri pafupi ndi sukulu imene tiphunzitsapo, pakati pa cidikha cija ca fodya, pamene munthu akaima pakhonde aona minda ndi zigafa kufikira maso atalema, ndi phiri la Kasungu litaima lokha patali. Mizati ya magetsi sinafike kwathu. Moto wathu ucokera ku sola imodzi iri pa denga, ndi batire imodzi iri pansi pa tebulo, ndipo ziwirizi ziyatsa mababu atatu ndi wailesi ya kanema yaing'ono. Pa Khirisimasi ya 2023 mwana wathu wamwamuna, amene agwira nchito ku Johannesburg, anadza kudzationa, natitengera kabokosi koyera, kukula kwace ngati buku la nyimbo, kamene akacha rauta. M'kati mwace alowetsamo simukhadi yonga ya m'foni. Ndipo nchito yace ndiyo kukoka intaneti ku nsanja ya mafoni, ndi kuigawira mafoni onse a m'nyumba popanda cingwe, mwa njira ija ichedwa Wi-Fi. Pakukapereka anati kwa amace, "Amai, kuyambira tsopano mdzukulu wanu muzimuona nkhope tsiku la Sabata liri lonse madzulo." Mlongo wace, amene aphunzira pa koleji ina ya m'tauni ali pakhomo pomwe, natumiza zolemba zace pa intaneti, anakondwera koposa onse, popeza kale anali kupalasa njinga kunka ku boma kukacita zimenezi.

Mwezi woyamba zonse zinayenda bwino, kotero kuti tinayamba kudzitama kwa aphunzitsi anzathu. Koma pofika Febuluwale, fodya ali kuthyoledwa, kabokosi kaja kanayamba makhalidwe acilendo. Amai ali pakati pa kuceza ndi mdzukulu wao, nkhope ya mwanayo inangouma pa galasi, pakamwa pali yasa, mau osamveka. Patapita mphindi ziwiri kapena zitatu inabweranso, ndipo asanathe kufunsana za moyo inaumanso. Tsiku lina kanagwira nchito kuyambira m'mawa kufikira usiku osadukiza. M'mawa mwace kanaduka kasanu. Tikaitana mnyamata wodziwa za mafoni wa pa malo a malonda, kanamlandira ndi ulemu wonse, kosalakwa kamodzi konse, ndipo iye anadya nsima yathu nabwerera osapeza kanthu. Coopsa cinadza tsiku lina Lacisanu, pamene mwana wathu wamkazi anayenera kutumiza zolemba zace lisanakwane ola la pakati pa usiku. Anayesa katatu, ndipo katatu konse zinaduka zitatsala pang'ono kutha. Mbandakuca anakwera kabaza kunka ku boma, nazitumiza, koma nthawi inali itapita, ndipo monga mwa lamulo la sukuluyo anamcotsera malikisi. Anabwera masana, nalowa m'cipinda cace osadya.

Pamenepo munthu ali yense m'nyumba ndi pamudzi anasanduka sing'anga. Amai anati a kampani ya mafoni angodya ndalama zathu. Nkhalamba ina yoyandikana nafe inati mphepo ya mvula iuluza mau asanafike. Wina ananong'ona kuti alipo a nsanje amene sakondwa kuona nyumba ya mphunzitsi iri ndi zinthu zotere. Ife tinaseka onsewa m'mtima, pokhala munthu wophunzira, ndipo tinapeza wathu wopalamula amene tinamyesa wanzeru koposa. M'nyumba mwathu mukhala mphwathu, mwana wa mlongo wathu amene anatisiya, mnyamata wa Fomu 2, wosacurukitsa mau, amene foni yakale ya msuweni wace siicoka m'dzanja lace. Tinali titamva kuti anyamata agawana mau acinsinsi otsegulira Wi-Fi, amene iwo ati pasiwedi, ndi kuti anthu akacuruka pa kabokosi kamodzi kalema. Ndipo usiku wina, potuluka panja, tinaona anyamata atatu ku cigafa, nkhope zao zikuwala ndi mafoni. Sitinafunse kanthu. Pa cakudya ca madzulo, pamaso pa onse, tinamdzudzula mnyamatayo kuti ndiye anatayitsa mlongo wace malikisi. Iye anaika pansi mbamu imene anali nayo m'dzanja, nati, "Amalume, ine sindinapatse munthu pasiwedi. Koma ngati mwatero, ndamva." Usiku womwewo tinasintha mau acinsinsi aja, ndipo atsopanowo sitinamuuze.

M'mawa mwace madzulo intaneti inaduka monga mwa masiku onse, nthawi yace yomweyo.

Tinagona mocedwa usiku umenewo. Ndipo tiri cigonere tinakumbukira zimene anatiphunzitsa ku sukulu ya uphunzitsi, zaka zambiri zapitazo, za kaundula wa ana. Anatiuza kuti mwana wojomba kawirikawiri asaweruzidwe ndi cikumbumtima ca mphunzitsi cokha, pakuti mphunzitsi akumbukira masiku amene anakwiya, naiwala ena onse. Koma atsegule kaundula, ayang'ane masiku amene mwanayo anasowa. Mwina adzapeza kuti ndi masiku a msika okhaokha, kapena milungu ya kuthyola ndi kusoka fodya, ndipo pamenepo adzadziwa kuti mlandu suli ndi mwana, uli ndi akuru a kwao. Tinazizwa kuti nzeru imene tiigwiritsa nchito pa ana a eni zaka makumi awiri ndi mphambu, tinaiiwala pa mwana wa mlongo wathu. Kutaca tinatenga kope latsopano ndi lula, nitijambula mizere: tsiku, ola, kutalika kwa kuduka, amene anali kugwiritsa nchito ndi cipinda cimene analimo, maonekedwe a timagetsi ta pa kabokosi, za kumwamba ngati kuli mitambo kapena dzuwa, ndi cina ciri conse cinali kuyaka m'nyumba nthawi imeneyo. Kope limeneli tinalipacika pa msomali pafupi ndi citseko, ndi pensulo yomangirira ku kacingwe, ndipo tinalamula kuti ali yense woona kuduka alembe, osaonjezapo maganizo ace.

Tisanakuuzeni zimene kopelo linaulula, muyenera kudziwa njira imene uthenga uyendamo, pakuti wosadziwa njira sangadziwe pamene mlatho wagumuka. Makolo athu anaidziwa lamya yakale. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes, yochedwa African Transcontinental Telegraph, inaimika mizati ya citsulo ndi kukoka waya kucokera kumwera, kupyola Blantyre, kutsata gombe la nyanja pa Nkhotakota, kufikira ku Karonga. Mtengo ukagwera wayayo, anthu ananyamula kamba, nayenda pansi pace mzati ndi mzati, kufikira atapeza poduka. Njira ya lero siioneka ndi maso, koma iri ndi zigawo zace comweco. Uthenga ucoka m'foni kunka ku rauta, mtunda wa mapazi owerengeka. Ucoka ku rauta kunka ku nsanja, mtunda umene kuno kwathu ukhoza kukhala makilomita ambiri. Pa nsanjapo uperekedwa kwa nsanja inzace, kapena ulowa m'zingwe za galasi, zimene ulusi wace ucepa ngati tsitsi la munthu, ndipo uthenga uyendamo monga kuwala. Zina zikwiriridwa m'mbali mwa miseu, zina zipacikidwa pa mizati ya magetsi. Ndipo popeza dziko lathu liribe gombe la nyanja ya mcere, zingwezo zituluka m'malire, kulowa m'Tanzania, m'Zambia ndi m'Mozambique, kukakomana ndi zingwe zazikuru zogona pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba nchito m'caka ca 2009, ndi EASSy ya m'caka ca 2010, zimene zitulukira pa Dar es Salaam ndi pa Maputo. Pa zigawo zonsezi, ziwiri zokha zoyamba ziri m'manja mwa mwini nyumba. Ndipo ndi zomwezo zimene iye afulumira kuzilumpha pofuna womloza cala.

Tsono pali zizindikiro zosabvuta zimene mwana wa Sitandade 5 akhoza kuziwerenga. Pamwamba pa galasi la foni pali kacizindikiro ka Wi-Fi, kooneka ngati timauta tosanjikizana. Kakasowa m'foni imodzi yokha, zina ziri bwino, bvuto liri ndi foniyo kapena malo amene yaikidwa. Kakasowa m'mafoni onse nthawi imodzi, ndiye kuti rauta yeniyeniyo yazima. Koma kakakhalapo kathunthu, uthenga wosapita, ndiye kuti m'nyumba muli bwino, ndipo cotsekereza ciri kunja, kapena bandulo yatha. Ife masiku onse aja tinangopfuula kuti "yaduka," osasiyanitsa zitatuzi, monga munthu wouza dotolo kuti "ndidwala," osachula pamene pawawa.

Atatha masabata atatu tinakhala pansi ndi kope lija, ndipo tinaona kuti sinali nthenda imodzi, koma nthenda zingapo zobwerekana malaya amodzi. Yoyamba inali yaing'ono. Mizere yambiri ya masana inalembedwa ndi mwana wathu wamkazi yekha, ali m'cipinda cace ca kumbuyo. Rauta tinali titaibisa pa ngodya, kuseri kwa kanema, poopa akuba ndi manja a ana oceza. Ndipo pakati pa iyo ndi tebulo lace panali makoma awiri a njerwa zootcha, sutikesi ya citsulo ndi mgolo wa madzi. Mafunde a Wi-Fi afooka popyola khoma, abwezedwa ndi citsulo, namwedwa ndi madzi. Tinaikhomera kashelefu pamwamba, pakati pa nyumba, ndipo mizere ya masana inatha.

Yaciwiri ndiyo inali mwini mlandu, ndipo sitinaipeze ndife. M'kope munali mizere yocuruka ya pakati pa 7 koloko ndi 8 koloko madzulo, ndipo pa mzere uli wonse dzanja limodzi laling'ono linalemba mau omwewo: timagetsi tonse tazima, tayakanso kamodzikamodzi. Linali dzanja la mphwathu. Popeza tinam'mana pasiwedi, iye analibe coyang'ana m'foni mwace, ndipo pamene ife tonse tinaweramira magalasi athu, iye yekha anali kupenya kabokosiko. Madzulo ena anadza nakhala pansi pafupi ndi mpando wathu, nati, "Amalume, ndingalankhuleko? Nthawi zonse mukayatsa kanema kuti muone nkhani, babu liphethira, ndipo rauta izima." Tinayesa pomwepo. Tinazima kanema, nitidikira kufikira timagetsi tonse titayaka, nitiyatsanso. Ndipo taonani, babu linaphethira, kabokosi kanada, ndipo panapita mphindi ziwiri kasanadzukenso. Tinabwereza katatu, pokhala wouma mutu, ndipo katatu konse kanatero.

Loweruka tinabwereka mita yoyezera moto kwa wokonza mawailesi. Batire ya mtobvu ya mavolti 12 ikadzala ndi kupumula ionetsa mavolti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Ikatsika kufika pa 12 ndiye kuti yatha ngati theka, ndipo ikasenzetsedwa katundu wolemera pamenepo igwa msanga. Yathu masana inaoneka yamoyo, popeza dzuwa linali kuicirikiza; koma litalowa inatsika mofulumira, ndipo pa kamphindi kaja koyatsa kanema, pamene inveta ikoka moto wambiri nthawi imodzi, inagwa pansi pa muyeso umene rauta ikhoza kupirira. Babu likacepekedwa moto lingophethira, ndipo palibe wodandaula. Koma rauta ndi kompyuta yaing'ono, ndipo moto ukaithawa ngakhale kamphindi ka kuphethira kwa diso, iiwala zonse, niyambanso paciyambi kufunafuna nsanja. Tinapezanso zina zoticititsa manyazi. Waya wocokera ku batire kunka ku rauta anali woonda, wa masipika akale, wautali kuzungulira cipinda conse. Ndipo waya woonda ndi wautali adya gawo la moto panjira, monga ngalande yaitali ya m'dimba imwa madzi asanafike pa bedi. Anali wopotedwa ndi manja pa mitu ya batire, ndipo mituyo inali itamera zoyera zonga nkhungu. Madzi m'batiremo anali atatsika. Pa sola panali pfumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo nthambi ya mango inaichinga kuyambira 2 koloko masana.

Koma nanga cifukwa ninji zinayamba m'Febuluwale, osati pa Khirisimasi? Apa ndipo tiyenera kubvomera. Nyengo ya kusoka fodya, ife eni tinakoka waya wina kunka ku cigafa, nitipacika babu lacinai kuti nchito ipitirire usiku. Ndipo anyamata a ganyu osoka fodyayo tinawalola kuti azichajira mafoni ao pomwepo, kuti asacoke msanga. Ndiwo anyamata atatu aja tinawaona nkhope zikuwala. Sanabe intaneti ya munthu. Anali kumwa moto umene tinawapatsa tokha, pa nyengo imene mitambo icepetsa dzuwa, kucokera m'batire yokalamba kale. Wotayitsa mwana wathu malikisi anali mphunzitsi wa zaka makumi awiri ndi mphambu, wofuna kuti fodya wace alowe msanga m'cigafa, ndi kuti nkhani za pa kanema zisamphonye.

Si capafupi kwa malume kupepesa mphwace, ndipo tinazengereza masiku awiri. Tsiku lacitatu, pa cakudya ca madzulo, pamalo pomwe tinamdzudzulira ndi pamaso pa omwewo, tinati, "Mphwanga, tinakunenera cinthu cimene sunacite. Tinalakwa ndife." Mnyamatayo anayang'ana pansi nthawi yaitali, nati, "Palibe kanthu, amalume." Ndipo atasamba m'manja anafunsa mwaulemu ngati tsopano angalandire pasiwedi.

Pokonza zonsezi tinacita colakwa cina cimene tifuna mucipewe. Tsiku loyamba, mwa cangu, tinatsuka sola, tinadula nthambi, tinacotsa babu la ku cigafa, zonse m'mawa umodzi. Madzulo zinakhalako bwino, koma sitinathe kudziwa cimene cinathandiza. Kuyambira pamenepo tinasintha cinthu cimodzi cokha pa tsiku, nitilemba. Mitu ya batire tinaitsuka ndi madzi ofunda osakaniza soda wophikira therere, nitiimanga ndi zomangira zace zenizeni. Tinathiramo madzi a batire ogula, pakuti a pa mjigo ali ndi mcere umene uononga mtobvu. Waya woonda uja tinamcotsa, nitiika wonenepa ndi wamfupi. Ndipo wayayo ndiye anathandiza koposa zonse, ngakhale mtengo wace unali wocepa. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife tiwonjeza kuti pafunikanso pensulo.

Tinayesa kuti tatha, koma m'kope munatsala mizere ya mtundu wina, imene inacuruka pofika Epulo. Timagetsi tonse tiri ciyakire, timauta ta Wi-Fi tiri tathunthu, koma uthenga uyenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa, ndipo nthawi zina uima ndithu. Ndipo izi zinacitika madzulo okhaokha, anthu atadya. Poyesa tinatenga foni yokhala ndi simukhadi yace ya kampani yomweyo, nitizima Wi-Fi, nitiima pafupi ndi rauta. Nayonso inatsimphina comweco, ndipo tinadziwa kuti mlandu watuluka m'nyumba. Nsanja iri ngati mjigo wa pamudzi. Madzi ace ali ndi muyeso, ndipo onse akadza nthawi imodzi ndi zidebe zao, ali yense atunga pang'ono nadikira nthawi yaitali. M'Epulo msika wa fodya utsegulidwa, mabelo apita ku Chinkhoma, ndalama zilowa m'midzi, mafoni atsopano agulidwa, ndipo amene anakhala miyezi ya njala osagula bandulo agula tsopano naonera mpira ndi zisudzo mpaka usiku. Munthu sangakwiyire mnzace cifukwa cotunga pa mjigo. Angosankha nthawi yace. Mwana wathu anayamba kutumiza zolemba zace tambala woyamba atalira, ndipo zimene madzulo zinakanika katatu, mbandakuca zinapita madzi a tiyi asanawire.

Pa cigawo cimeneci ziripo zina zimene mwini nyumba akhoza kucita. Kuno ku cidikha mapiri ochinga ngocepa, koma nsanja ziri patali, ndipo mitengo ya bulugama ndi mango, makamaka masamba ali onyowa, ifooketsa mafunde; cifukwa cace kukweza rauta ndi kuiyandikiza ku zenera loyang'ana kumene kuli nsanja kuthandiza koposa umo munthu angayesere. Mphwathu anapezanso kuti yathu inali kulumphalumpha pakati pa 4G ndi 3G, ndipo pa kulumpha kuli konse kuceza kunaduka. Analowa m'makonzedwe ace, pa nambala zolembedwa kunsi kwa kabokosiko, naiuza kuti igwire 4G yokha. Nsanja nayonso idya magetsi, ndipo akazima idalira mabatire ndi injini ya dizilo. Amene akumbukira mdima wa caka ca 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Januwale, adziwa kuti mafoni nao anabvutika masiku amenewo. Ndipo musaiwale kufunsa bandulo. Mafoni a masiku ano, akamva Wi-Fi, ayamba okha kudzikonza ndi kukoka zinthu zolemera usiku, eni ace ali m'tulo. Kamodzi tinataya madzulo athunthu kugwedeza mawaya, pamene bandulo inali itatha m'mawa. Ena a ma esiteti anagula mbale za Starlink, imene inayamba nchito m'dziko muno m'caka ca 2023, ndipo ikoka intaneti kucokera kumwamba osadzera pa nsanja; koma mtengo wace si wa mphunzitsi, ndipo nayo ifuna moto wosaduka, wocuruka koposa wa rauta yathu.

Ciyeso ca zonse tinaphunzirazi cinadza pa 12 Meyi 2024, tsiku la Sabata. Madzulo amai anakhala pa mkeka ndi foni, atabvala mpango wao wabwino monga acita pofuna kuonana ndi mdzukulu, ndipo sizinatheke. Tinayenda njira yonse kuyambira pakhomo. Batire inali yodzala, timagetsi tinali kuyaka, timauta tinali tathunthu, bandulo inalipo. Foni ya simukhadi yace inatsimphina. Tinabwereka ya mnansi, ya kampani yina, ndipo nayonso inatero. Pamenepo tinati kwa a m'nyumba, asakhudze kanthu munthu ali yense, pakuti cimene caduka ciri kutali ndi manja athu. Kale tikadazima ndi kuyatsa kabokosiko kakhumi, tikadasolola simukhadi, ndipo mwina tikadaononga cimene cinali bwino. M'masiku otsatira tinamva kuti tsiku lomwelo zingwe ziwiri zija, EASSy ndi SEACOM, zinaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, kumpoto kwa Durban, ndi kuti anthu a ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi Madagascar anabvutika pamodzi nafe. Makampani anapatutsira mauthenga ku njira zina, ndipo zinthu zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Koma kuti zingwezo zilumikizidwe, panafunika sitima ya pamadzi yokhala ndi amisiri ace, ipite pamalopo, ikowe cingwe pansi pa nyanja, icikweze pamwamba, ndi kulumikiza ulusi wa galasi umodziumodzi, nchito imene inatha masabata. Amai atamva izi anagwira pakamwa, nati, "Abambo, ndiye kuti mau a anthu ayenda pansi pa nyanja, pamodzi ndi nsomba?" Tinawayankha kuti ambiri a iwo atero ndithu. Anakhala cete kanthawi, nati ngati ziri conco, sadzadandaulanso mwanayo akacedwa kuyankha.

Fodya wathu atagulidwa caka cimeneco, tinagula batire yaing'ono ya rauta yokha, kuti isalimbanenso ndi kanema. Yakale ija inatsala ya mababu, ndipo babu la ku cigafa tsopano liri ndi kasola kace. Kope lija likali pa msomali, koma wolisunga ndi mphwathu. Ndiye anapeza m'Okutobala kuti kabokosiko kanayamba kukomoka masana, dzuwa la pa zenera ndi kutentha kwa malata zitakapsereza, nakasunthira pa mthunzi, nacotsa kansalu ka maluwa kamene amai anakapfunditsa poopa pfumbi. Anansi tsopano amtuma ana kudzamuitana zao zikabvuta, ndipo tamva kuti asanagwire kanthu ayamba wafunsa ngati m'nyumbamo muli kope ndi pensulo. Mwana wathu wamkazi anabweza malikisi aja pa mayeso otsatira. Ndipo ngakhale batire ziri ziwiri tsopano, lamulo lakale amai sanalicotse: tsiku la Sabata, ikakwana 7 koloko, kanema sayatsidwa, kufikira mdzukulu wa ku Johannesburg atatha kuwawerengera manambala onse amene adziwa.